Mwana wanga amuimitsa sukulu chifukwa cha chidindo cha thobwa

Mwana wanga Tadala amuimitsa sukulu. Mlandu wake ndi chidindo. Chidindocho ndinakasemetsa ndine mayi wake, iye osadziwa. Ndiye mundiuze abale anga, apa wolakwa ndani?

Ine ndine mayi wa ku Zingwangwa, ndimagulitsa thobwa lozizira pafupi ndi siteji ya maminibasi. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma Mulungu anandikomera mtima, thobwa lomweli laphunzitsa Tadala mpaka digiri. Pano amagwira ntchito ya zamakompyuta, ndipo kumapeto kwa sabata amaphunzira masitazi pa koleji ina m'tauni muno. Dzina sinditchula. Akudzidziwa okha.

Linatsala phunziro limodzi, losanthula za chuma. Akuti munthu woyang'anira zamakina azitha kuona ngati chipangizo chatsopano chidzabweze ndalama zake kapena ayi. Aphunzitsi awo anati aliyense asankhe bizinezi yeniyeni, osati ya m'buku. Anzake anasankha makampani. Tadala anasankha ine. Magetsi akazima, thobwa langa limasasa, ndowa yonse n'kutaya. Ndiye anati afufuze ngati furiji ya sola ingandipindulire.

Aphunzitsiwo anavomera. Anabwera okha pamalo panga ndi tayi wawo, n'kukhala pa benchi, n'kumwa botolo lonse. Anati, "Mayi, chuma chimene timaphunzitsa chija ndi chimenechi." Bambo amene aja ndimawapempherera mpaka lero.

Tadala anagwira ntchito, abale. Akaweruka amabwera kudzakhala nane, mafunso mbwee. Chimera mumagula kuti? Shuga akakwera mumatani? Kwacha ikagwa, mabatire adzafika pati? Tsiku lina anandifunsa kuti, "Amayi, nanga nthawi yanu mumaiwerengera?" Ndinaseka mpaka misozi. Ndinati iwe, nthawinso amagulitsa? Anandifotokozera bwinobwino, ndipo ndinamva. Ine wa ku pulayimale ndinamva zimene amaphunzira ku masitazi!

Kenaka aphunzitsi abwino aja anapita kunja kukawonjezera maphunziro. Panabwera ena, amawatchula kuti adokotala. Tadala atapereka ntchito yake, inabwerera osawerengedwa. Akuti abwere ndi mwini bizinezi.

Ndinatseka pamalo panga Lachiwiri, n'kuvala zakutchalitchi. Tinafika eyiti koloko isanakwane. A sekilitale anati adokotala ali mu mitingi. Tinakhala pa benchi. Teni koloko, mitingi. Nkhomaliro, mitingi. Kodi mitingi imeneyi sadyamo? Cha m'ma thuu anatulukira, makiyi a galimoto ali m'manja. Moni wanga sanayankhe. Analankhula ndi Tadala m'Chingerezi uku akuyenda, Tadala akuwatsatira pambuyo mpaka kunja. Ine anandiitaniranji? Kudzaona nsana wawo?

Nditatsala ndekha ndinafunsa a sekilitale aja mwaulemu kuti, "Mwana wanga, kodi chalakwika n'chiyani?"

Iwo maso ali pa foni anati, "Mayi, nkhani ndi yachidule. Pepala lakutsogololi likufunika chidindo."

"Chidindo chokha?"

"Chokha basi."

M'minibasi Tadala anangoti, "Zisiyeni amayi, ndidziwa chochita." M'mawa mwake kuntchito anamutuma ku Lilongwe. Ine ndinatsala ndi mawu aja m'mutu: chokha basi. Ndinati Ambuye, mwana wanga alephere chifukwa cha kamtengo kodindira? Ku Limbe kuli abambo ena osema zidindo pakhonde la sitolo. Ndinapita. Anandifunsa dzina la bizinezi. Zaka zonsezi ndilibe dzina, anthu amangoti kwa amake Tadala. Ndinaganiza pang'ono n'kunena kuti lembani Thobwa la Chisomo, Zingwangwa. Anajambulapo ndi kabotolo pakati. Chinakongola, abale. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba.

Ndinatenga buku la ntchito yake lija pa tebulo la Tadala, n'kupemphera, n'kudinda mosamala kuti inki isafalikire. Ndinapita nalo ndekha ku koleji. Ndinkafuna kuti pobwera ku Lilongwe apeze zonse zatheka.

A sekilitale anayang'ana. Anaitana anzawo a ofesi ina. Anaseka mpaka kugwirana mapewa. Wina anajambula pa foni.

"Mayi, mwachitenga kuti chimenechi?"

"Ndasemetsa dzulo ku Limbe."

"Dzulo?"

"Eya, dzulo. Si munati chidindo?"

Tsiku limenelo ndiye adokotala anapezeka msanga. Mitingi kunalibe. Ndipo Chichewa amachidziwa, ndinamva ndi makutu angawa. Anati chidindo chimene amafuna ndi cha akauntanti ovomerezeka, amene aona mabuku a bizinezi n'kutsimikiza. Anati ichi ndi chinyengo. Wophunzira wabweretsa chidindo chopanga dzulo kuti anamize sukulu, nkhani ipite ku komiti yoweruza milandu ya ophunzira, ndipo Tadala aime kaye sukulu.

Ndinagwada pansi pomwepo, pamaso pa ana ang'ono kwa ine. Ndinati bambo, mwana sakudziwa kanthu, ali ku Lilongwe, ndadinda ndine. Anati dzina lili pa bukulo ndi la Tadala, osati langa. Anatseka chitseko.

Tsono ndifunse. Ndanamiza ndani? Thobwa silanga? Zingwangwa sindikhalako? Atandifunsa sindinayankhe zoona? Munthu wonyenga amanena yekha kuti ndasemetsa dzulo? Ndipo inu a sekilitale, mawu akuti akauntanti akanakulemerani pakamwa? Nanga mu Zingwangwa monse muno, wogulitsa thobwa amene ali ndi akauntanti ndi uti? Mumati bizinezi yeniyeni. Aphunzitsi anu anamwa thobwa langa n'kuvomera. Lasiya liti kukhala lenileni?

Tadala atabwera ndinalephera kumuyang'ana kumaso. Anatenga chidindo chija, n'kuchitembenuza, n'kunena kuti, "Amayi musalire. Kabotoloka akajambula bwino." Kenaka analowa kuchipinda n'kutseka. Bola akanandikalipira.

Kuntchito kwake kuli udindo umene abwana anamusungira, akudikira pepala la masitazi chaka chino. Akapanda kumaliza, apatsa wina. Amayi anzanga a kutchalitchi tinagula kale nsalu yofanana yovala pa tsiku lolandira satifiketi. Ili kwa atelala. Dzulo anandiimitsa pamsewu, "Amake Tadala, tidule?" Ndinangoti dikirani kaye.

Ndinabwereranso ku koleji kukapempha kuti komiti ikandimve. Akuti makolo saloledwa, ophunzira a masitazi ndi anthu akuluakulu. Oo? Pondiitana kudzakhala pa benchi tsiku lonse, Tadala anali wamng'ono?

Ine ndilibe wondilankhulira. Loya sindimudziwa, wachibale wa mu ofesi ndilibe. Ndili ndi maondo okha. Sindikutukwana munthu, koleji imeneyi yamuphunzitsa mwana wanga zambiri ndipo ndimathokoza. Koma makolo anzanga, mu ofesi akakuuzani kuti basi, musanyamuke. Funsaninso, ngakhale akusekeni.

Komiti ikhala Lachinayi. Ine ndidzakhala pa geti kuyambira m'mawa, chidindo chili m'chikwama. Ngati pali wina wa pa koleji imeneyo akuwerenga izi, chonde, m'dzina la Mulungu, tsegulani bukulo mupitirire tsamba loyamba. Ntchito ya mwana wanga ili m'katimo, palibe amene waiwerenga. Tsamba loyambalo ndi langa. Ling'ambeni, mundipatse pa geti pomwepo, ndibwerere nalo ku Zingwangwa.