Denga la apongozi ku Bangwe

Chaka chimene amuna anga anachotsedwa ntchito ku fakitale, matipate atangoyamba kumene, ine ndinalowa sukulu ya magetsi a dzuwa. Kanali kakalasi kamodzi kuseri kwa tchalitchi china ku Zingwangwa, ndipo wamkazi ndinalimo ndekha. Anatiuza kuti okhoza adzapatsidwa satifiketi n'kutumizidwa kukaika masola m'zipatala za kumidzi. Pakhomo pathu panalibenso wogwira ntchito, ndiye pepala limenelo ndinkalifuna ndi mtima wonse.

Mutu wanga unkagwira, sindinama. Kuona nyumba n'kudziwa kuti mababu ake ndi wailesi zifuna batire lotani, panelo yaikulu bwanji, waya wonenepa motani, zonsezo ndinkawasiya m'mbuyo anyamata amene ankaseka ovololo yanga yondikulira. Masiku amenewo thalauza kwa mkazi inali itangololedwa, maso a anthu asanaizolowere, choncho ovololoyo ndinkavalira kusukulu komweko. Aphunzitsi athu, bambo wamfupi wosachedwa kupsa mtima, anali ndi nyimbo imodzi tsiku lililonse: panelo iyang'ane kumpoto, chifukwa nyengo yozizira dzuwa limadzera kumeneko.

Mayeso omaliza sanali a m'kalasi. Aliyense anayenera kupeza nyumba yeniyeni, aikemo sola, aphunzitsi adzaone. Ife tinali pa lendi ku Ndirande, ndipo alandilodi anati malata awo asabooledwe. Koma apongozi anga aamuna, akatekisiti opuma ochokera ku Nsanje, anali ndi nyumba yawoyawo ku Bangwe. Mwana wawo wa ku Joni anali atawatumizira panelo ndi batire, zikungokhala m'katoni kunsi kwa bedi. Ndinati Mulungu wandiona.

Kwawo kwa amuna anga, mtengwa sayankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso. Ndinkagwada chapatali, mawu anga n'kudzera kwa apongozi aakazi. Tsiku la ntchitoyo, nditangotulutsa ovololo m'chikwama, apongozi aakaziwo anandikokera kukhitchini.

"Mwananga, ukufuna ukaime pamwamba pa mutu wa abambo ako, miyendo ili tang'a? Bangwe yense atiseka. Akwere mwamuna wako, iwe uzimuuza uli pansi."

Ndinavomera, mtima ukuwawa. Amuna anga, amene ngakhale kusintha babu ankaitana ine, anakwera makwerero. Dengalo linali la mbali ziwiri. Mbali ya kumpoto inayang'ana kuseri, kumene kunali bafa ndi chimbudzi. Mbali ya kummwera inayang'ana kumsewu. Apongozi aamuna anatulutsa mpando pabwalo, n'kuloza ndi ndodo yawo.

"Uike mbali ya kumsewu ino. Kuseriko akuba adzazula ife osamva. Komanso mwana wanga sananditumizire chinthu chimenechi kuti chiziyang'ana chimbudzi."

Za akubazo sanalakwitse, zaka zimenezo umbava unali utakula zedi. Koma mbali ya kumsewuyo inali ya kummwera. Ndinanong'oneza apongozi aakazi kuti awauze za kumpoto. Iwo anangoti, "Atero eni nyumba." Ndinayang'ana amuna anga padengapo, ndikudikira kuti mwina alankhula iwo, poti ndi bambo awo. Anayang'ana kumbali, n'kundiuza motsitsa mawu.

"Amayi a mwana, dzuwa ndi lomweli, basi. Tisavutane."

Munthu wosagwira ntchito satsutsa bambo ake amene akumupatsa ufa. Ndinamvetsa, komabe ndinakwiya nawo kwambiri. Ukali wonsewo ndinauthera pa mawaya a m'nyumba. Ndinawayala mowongoka, malumikizidwe onse olimba, batire ndinaliika m'bokosi lopita mphepo. Ntchito yokongola ngati imeneyo sindinaigwirenso.

Aphunzitsi anabwera Loweruka masana. Apongozi aamuna anavala jekete la kutchalitchi, anaitana oyandikana nawo ndi akulu ampingo angapo. Aphunzitsi anayendera m'nyumba, akugwedeza mutu mokhutira. Kenako anatuluka, anayang'ana padenga, n'kutulutsa kampasi m'thumba. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Madamu, anasankha mbali iyi ndani?"

Apongozi anali akumwetulira, osadziwa kuti pali cholakwika. Ndikanati ndi iwo, ndikanawavula pamaso pa anthu amene anawaphunzitsa katekisimu, ndipo m'banja limenelo sindikanakhalamonso bwino. Ndinagwada, maso pansi.

"Ndine, aphunzitsi."

"Inuyo? M'kalasi monse muja, inuyo? Shuwa?"

Sanakalipe monga mwa masiku onse, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka koposa. Anabweza kampasi m'thumba, anakana chakumwa, n'kutsika kukakwera minibasi. Satifiketi sindinalandire. Mwayi wobwereza panalibe, poti amene ankathandiza sukuluyo anachoka chaka chomwecho. Anyamata aja anapita kumidzi kukaika masola, ine ndinayamba kugulitsa kaunjika mumsika wa Ndirande.

Itafika Juni, chiperoni chinakuta phiri la Bangwe. Dzuwa lochepa limene linkaoneka linkadzera kuseri kwa denga. Mababu anayamba kufiira, wailesi kumazima nkhani zili m'kati, mpaka batire linaferatu. Lamulungu lina tinapita kukawaona, ndipo alamu anga aakazi anayamba kundinena ine ndili pomwepo, akuti ndawononga katundu wa achimwene awo a ku Joni. Amuna anga ankangoyang'ana nsapato zawo. Amene anandiikira kumbuyo anali apongozi aamuna. Anagogoda ndodo pansi, n'kulankhula mwachifundo chenicheni, mawu amene mpaka lero amandiwawa.

"Musiyeni mwanayu, anayesetsa. Olakwa ndi amene anamutenga kusukuluko. Ntchito imeneyi si ya akazi."