Kadi yanga itakana kutsegula shedi ya chimanga

Zomwe ndikukuuzanizi si zakumva kwa anthu, zinandichitikira ine mwini, ndipo ngakhale padutsa zaka, ndikazikumbukira ndimakwiyabe. Sinditchula munthu kapena kampani, eni ake adzizindikira okha.

Nthawi imeneyo ndinali ndi kakampani kanga, ine ndi amayi anzanga anayi, ntchito yathu inali kusoka matumba ong'ambika ndi kusesa mu shedi yosungiramo chimanga pafupi ndi msewu waukulu kuno ku Rufunsa. Eni shediyo amakhala ku Lusaka, ndipo zonse ankayendetsa ndi pulogalamu ya pa kompyuta. M'pulogalamumo makampani onse anawaika m'magulu, ena ogwira ntchito m'kati, ena obweretsa chimanga, ena alendo, ndipo gulu lako ndilo linkalamula zitseko zomwe kadi yako ingatsegule komanso mameseji omwe kompyuta izikutumizira yokha. Ife tinali a m'kati, choncho akafuna kuika mankhwala ophera anankafumbwe, meseji inkafika pa foni dzulo lake kuti tisalowe.

Nanga ndikanadziwa bwanji kuti bambo wina wa makompyuta ku Lusaka, amene sanapondeko kuno, waona kuti magulu achuluka ndipo watiunjika tonse a timakampani tating'ono m'gulu la alendo? Alendotu salandira meseji ya mankhwala, ndipo kompyuta siwawerenga ikamaona ngati m'kati mwatsala munthu, poti mlendo amayenera kuyenda ndi womuperekeza.

M'mawa wa tsiku lina ndinapeza chitseko chaching'ono cha shedi chili chotsegula, ndinalowa ndekha mpaka kumapeto kwenikweni, kuseri kwa milu ya matumba. Ndinaona kuti milu ina aiphimba ndi matenti, koma poti meseji sinabwere ndinati akungokonzekera. Osadziwa kuti mapiritsi a mankhwala aikidwa kale pansi pa matentiwo, oika mankhwalawo atuluka, ndipo ba manijala a pa shedipo ayang'ana pa kompyuta, yawauza kuti mulibe munthu, n'kukhoma.

Ndinasoka kwa kanthawi, kenaka ndinayamba kumva fungo ngati la nsomba yowola, mutu n'kuyamba kulemera. Nditathamangira ku chitseko, kadi inangoonetsa kanyali kofiira. Ndinaipukuta pa chitenje, kuyesanso, kofiira komweko. Foni m'shedi ya malata ija inalibe netiweki. Ndinatola thabwa n'kuyamba kumenya chitseko, ndikukuwa, chifuwa chikuthina ngati wina wandikhalira.

Amene anandimva ndi ba dalaivala ena a thiraki omwe ankadikira katundu pamthunzi wa khoma. Anathamanga kukatenga ba manijala, ndipo apa ndi pomwe mtima wanga umapsa mpaka lero: kadi ya ba manijala nayonso inakana! Shedi ikangolembedwa pa kompyuta kuti muli mankhwala, ololedwa kutsegula anali a gulu la ku likulu ku Lusaka okha. Ndinkawamva kuseri kwa chitseko akuimba foni ku Lusaka, ndipo kumeneko anawayankha kuti amene ali ndi chilolezo ali mu msonkhano, komanso kuti kompyuta ikuonetsa kuti mu shedi mulibe munthu. Tangoganizani, ine ndikusanza pansi, wina wakhala pa mpando wofewa akutsutsa kuti ndilipo!

"Ba manijala, ndikufa ine!" ndinakuwa, mawu atayamba kale kutha.

Iwo ankangondiuza kuti ndilimbe mtima, ayesanso nambala ina. Ba dalaivala aja sanafune kumvanso za manambala. Ndinamva tcheni ikukolekedwa pa chitseko, ba manijala akuwachenjeza kuti ntchito iwathera, iwo n'kuyankha kuti: "Ithe, koma maliro a mayi awa sindinyamula ine." Injini ya thiraki inabangula, chitseko chinazuka ndi felemu yake yomwe, ndipo ndinakwawira panja ngati mwana. Anandinyamula pa thiraki yomweyo kupita ku chipatala ku Mpanshya, komwe ndinakhala masiku atatu ndikupuma movutikira.

Mukuganiza kuti anapepesa? Ndinalandira kalata yondidzudzula kuti ndinalowa popanda wondiperekeza, pomwe ndine mlendo. Mlendo, m'shedi yomwe ndinasesa zaka zonse zija! Ba dalaivala anawaletsa kudzanyamulanso katundu pamalopo chifukwa choononga chitseko. Bambo wa makompyuta uja atabwera, anatibwezera m'gulu lathu ine ndikuona, sizinamutengere ndi mphindi imodzi yomwe, ndipo ananena akumwetulira kuti kanali kolakwika kakang'ono chabe. Ndinamuponyera kadi ija patebulo n'kutuluka, ndipo sindinabwererekonso.

Ena kutchalitchi amati ndi Satana, ena amati kompyuta ndi yoipa. Ine ndimakana. Kompyuta inachita zomwe inauzidwa. Wolakwa ndi munthu amene anasuntha mayina athu osafunsa kuti ndife ndani ndipo timagwira ntchito pati. Inu amene mumagawa makampani m'magulu, musanadine batani, imbani foni mufunse amene ali pamalopo. Ndipo inu anzanga ogwira ntchito m'mashedi, foni ikakhala chete musamati zonse zili bwino. Mukaona matenti pa chimanga, bwererani pakhomo pomwepo, mukafunse munthu wamoyo.