Tsamba Lomwe Sindinawawerengere Abiti Saidi

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, ku Chitawira, nthawi yomwe ndinkadziona ngati munthu wophunzira kwambiri mumzere wonse wa nyumba zathu. Kusukulu sindinali wanzeru ayi, masamu ankandigwetsa chaka ndi chaka. Koma kuwerenga kokha ndinadziphunzitsa ndekha, pa mapepala okulungira tchipisi ndi usipa. Anzanga akatha kudya ankataya pepala, ine ndinkaliwongola pabondo n'kuyamba kulimbana ndi Chingerezi chonona mafuta. Mawu ena ndinkawadziwa, ena ndinkangowaganizira, ndipo pomwe mafuta anafufuta zilembo ndinkaikapo mawu anga. Palibe ankandigwira, chifukwa panalibenso wina wotola mapepala.

Luso limeneli ndi lomwe linandipezera ntchito yanga yoyamba. Kuseri kwa nyumba yathu kunkakhala Abiti Saidi, mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Yusufu, anali goloboyi wa timu ya dziko lathu. Mayiwa Chingerezi sankachimva. Chithunzi cha mwana wawo chikatuluka m'nyuzipepala, ankasuzumira pampanda n'kuitana kuti, "Aphunzitsi, tabwerani kuno!" Ine ndinkapita ndikuyenda ngati mphunzitsi weniweni, kabudula atang'ambika kumbuyo. Malipiro anga anali zitumbuwa ziwiri zotentha. Ndikamaliza kuwamasulira, ankaphika kaphala kamadzimadzi, n'kupaka kuseri kwa tsambalo, n'kulimata pakhoma la pabalaza. Khoma lonse linali Yusufu: apa akuuluka, apo wakumbatira mpira, apo akukalipira anzake pakamwa pali yasa.

Yusufu anali wamtali, wosayankhulayankhula. M'zigongono ndi m'mawondo munali zipsera zokhazokha, chifukwa kugwira mpira anaphunzirira pabwalo lina lamiyala chakufupi ndi Nkolokosa, atavala masokosi akale m'manja. Akandiona ndi pepala ankati, "Pulofesa, lero zikuti bwanji kunjaku?" ndipo ine tsiku limenelo ndinkakhuta osadya.

Chaka chimenecho timu yathu inapita kunja ku mpikisano wa mayiko. Pa masewero omaliza a m'gulu tinkangofunika kufanana mphamvu kuti tipitirire. Tinamvera pawailesi masana, pakhonde la a Mbewe atelala, amuna atakhala pamabenchi, ife ana pansi, Abiti Saidi pamkeka chapatali pang'ono, akuwerenga mikanda yawo yopempherera. Nthawi itangotsala pang'ono kutha, mpira wina wofooka, woti ngakhale ine ndikanauimitsa ndi phazi, unadutsa kunsi kwa mimba ya Yusufu n'kukagona mu ukonde. A Mbewe anazimitsa wailesi. Bambo wina analavula n'kunena kuti, "Manja ngati sefa." Anthu anaseka kuseka kowawa kuja. Abiti Saidi anadzuka, n'kupinda mkeka wawo, n'kumapita osatsanzika.

Patapita masiku awiri anandiitana, koma mawu awo anali apansipansi. M'manja anali ndi tsamba limodzi lomwe anakapempha kwa wogulitsa tchipisi. Panali chithunzi cha Yusufu atagwada, nkhope ili mu udzu.

"Aphunzitsi, tandiwerengerani," anatero. "Musandibisire kanthu."

Sindinawabisiredi. Ndinaimirira, n'kukonza kukhosi, n'kuyamba kuwerenga ndi mawu a muulutsi wa pawailesi. Ndinawauza kuti ochemerera akwiya, kuti ena akuti goloboyiyo asadzavalenso yunifomu ya dziko, kuti wagwetsa misozi ya mtundu wonse. Ndinkanyadira mumtima ndikapeza Chichewa cha mawu ovuta. Pamene ndinakumana ndi mawu ena aatali omwe sindinkawadziwa, ndinachita zomwe ndinazolowera: ndinaikapo anga. Ndinatenga aja ndinawamva pakhonde la a Mbewe, n'kuwauza mayiwa kuti nyuzipepala yalemba kuti mwana wawo ali ndi manja ngati sefa. Nthawi yonseyi sindinadzutse maso kuti ndione nkhope yawo.

M'munsi mwa nkhaniyo munali timawu ting'onoting'ono tonena kuti ikupitirira pa tsamba lina. Timawu timeneto ndinkatidziwa bwino, chifukwa munthu wowerenga mapepala a tchipisi amakumana nato tsiku lililonse. Koma tsamba linalo panalibe, ndipo ndinaona ngati mphunzitsi sangavomere kuti wangodziwa theka.

"Zathera pomwepo?" anafunsa.

"Eya, mayi. Zatha."

Anagwedeza mutu, n'kulowa m'nyumba, n'kubwera ndi zitumbuwa zanga ziwiri. Ndikanakonda kulemba pano kuti ndinazikana, koma ndinadya zonse. Tsiku limenelo phala silinaphikidwe. Tsambalo analipinda kanayi n'kuliika pambaula.

Yusufu atabwerako, ana a m'mudzi ankamuthamangira kumbuyo akukuwa kuti, "Sefa! Sefa!" Madzulo ena dzuwa lisanalowe, ndikuchapa mbale kuseri, ndinamva awiriwa akuyankhulana.

"Ndamva zonse zomwe akulembera," anatero mayi ake. "Dziko lakukana. Atsibweni ako ku Limbe ali ndi minibasi yosowa dalaivala."

"Amayi, ndi chigoli chimodzi chokha."

"Inenso ndili ndi mwana mmodzi yekha. Sindinakuberekere kuti anthu azikutukwana m'mapepala."

Yusufu sanali munthu wotsutsana ndi mayi ake. Akuluakulu a timu yake anabwera kangapo ndi galimoto, iye ankangowathokoza n'kuwaperekeza. Abiti Saidi anamatula masamba onse aja pakhoma. Phala linali litagwira kwambiri, moti panatsala tizidutswa: apa dzanja, apo theka la mpira. Sanandiitanenso pampanda, ndipo ntchito yanga yoyamba inathera pamenepo.

Patapita zaka zambiri, ndikugwira ntchito ya umesenjala pa ofesi ina m'tauni, ndinazolowera kuthera nthawi ya nkhomaliro mu laibulale, pena chifukwa chokonda mabuku, pena chifukwa chosowa chogulira nkhomaliroyo. Tsiku lina ndinaona nyuzipepala zakale zomangidwa m'mabuku akuluakulu. Ndinasakasaka sabata yathunthu mpaka ndinachipeza chithunzi chija cha munthu wogwada. Ndinatsegula tsamba lomwe nkhaniyo inapitirira.

Gawo lomwe sindinaliwerenge linali lalitali kuposa lomwe ndinawerenga. Wolembayo, atatha kufotokoza mkwiyo wa anthu, anayamba kuutsutsa. Ankati pakanapanda goloboyi ameneyu timuyo sikanafika n'komwe ku mpikisanowo. Ankati mnyamatayo anakula popanda mphunzitsi wa agoloboyi, pabwalo loti ukadziponya umadzuka ndi magazi. Ankadandaula kuti chizolowezi chathu n'choti tikagonja timataya timu yonse n'kuyambanso kuchokera pansi, pamene anzathu amasunga ana awo mpaka akhwime. Anamaliza ndi pempho loti mnyamatayo asungidwe, chifukwa goloboyi amapsa mochedwa ngati nthochi ya m'munsi mwa mkoko. Mawu oti sefa ndinawafunafuna tsamba lonse. Munalibe.

Nthawi imeneyo Abiti Saidi anali atamwalira kale. Ndinajambulitsa masamba awiriwo n'kupita nawo ku Limbe, komwe ndinamupeza Yusufu pa siteji akudikira kuti minibasi yake idzaze. Imvi zinali zitayamba, kamimba katatuluka.

"Pulofesa!" anakuwa. "Lero zikuti bwanji kunjaku?"

Ndinakhala naye kutsogolo n'kumuwerengera zonse, ulendo uno osatengera mawu a muulutsi wa pawailesi. Anamvetsera manja ali pachiwongolero, zala zija zopindikapindika chifukwa cha mipira.

"Amayi anamva zimenezi?"

"Ayi, achimwene. Anandifunsa ngati zathera pomwepo, ine ndinati zatha. Za sefa zija ndinaikamo ndine."

Anayang'ana kutsogolo nthawi yaitali, kumene mayi wina ankakweza dengu la tomato. Ndinkayembekeza kuti anditsitsa. Kenaka anapumira m'mwamba n'kumwetulira pang'ono.

"Ndiye kuti nawenso unadutsitsa kamodzi, Pulofesa," anatero. "Zimachitika. Kungoti amayi akanamata limeneli."

Anapinda mapepalawo bwinobwino n'kuwaika m'thumba la shati. Kondakitala anamenya chitseko kuti yadzaza, ndipo tinanyamuka. Potsika m'tauni anandikaniza kulipira.

Posachedwapa timu yathu yatulukanso mu mpikisano wina, ndipo m'maminibasi ndi m'mafoni nyimbo ndi yomwe ija: achotsedwe onse, uyu ndi nkhalamba, uyu miyendo yake ndi yamanzere yokhayokha. Ndikamamva zimenezi ndimadziona ndekha nditaimirira pakhonde la Abiti Saidi, kabudula wong'ambika, ndikuwerenga theka la nkhani mokweza mawu. Ndazindikira kuti ambirife mpira timauwerenga choncho. Timaona mpira womwe wadutsa kunsi kwa mimba, osafunsa kuti mwanayo anaphunzirira pati, anamuphunzitsa ndani, ndipo mawa tidzamupeza kuti wina. Bwalo lija lamiyala pano pali magolosale ndi malo otsukira magalimoto. Ana a kumeneko amasewera mumsewu, n'kumaimitsa mpira galimoto ikamadutsa.

Zitumbuwa ndimadyabe, sindinama. Koma munthu akandipatsa pepala kuti ndimuwerengere, ndimayamba ndayang'ana m'munsi. Ndipo akandifunsa ngati zathera pomwepo, ndimamuuza kuti ayi, pali tsamba lina, adikire kaye ndikalipeze.