Mabatani a malaya a bambo

Mwaswera bwanji nonse.

Tangofika kumene ku Kawale kuchokera kuchipatala ndi bambo ndi amayi. Lero adokotala amafuna kuona pamene matenda onjenjemeretsa thupi a Parkinson aja afika pa zochita za tsiku ndi tsiku: kusamba, kudya, kudzuka pampando, kulemba dzina.

Funso lililonse bambo amangoyankha kuti, "Ndimatha bwinobwino." Amayi maso ali pansi.

Kenako adokotala anati, "Abambo, tamasulani mabatani a malaya anuwo, mumangenso ndione." Abale anga, munthu woti wasoka malaya kumsika zaka zonsezi, zala zimangonjenjemera, batani osalowa. Anayesa mpaka thukuta kamukamu. Nditati ndiwathandize, adokotala anandiletsa.

Mapeto ake bambo anatsitsa manja n'kunena kuti, "Lembani zoona. Amandiveka ndi akazi angawa."

Apa m'pamene amayi anaulula kuti amawasambitsanso okha ndi kuwadzutsa pabedi, ndipo msana ukuwapweteka. Ife osadziwa.

Adokotala akuti pakhomo pakufunika munthu wina wothandiza. Bambo akanitsitsa, akuti mlendo asawaone ali chomwechi. Achimwene, achemwali, tichita bwanji?