Tsiku Lomwe Anastazia Analankhula Kumanda Ali ku Damu

Ku Nsaru mukafunsa kuti Anastazia Chikoti amagwira ntchito yanji, mayankho ake sagwirizana. Amayi ake amati amachiza makompyuta. Akabaza amati amangokhala pakhonde n'kumajompha laputopu ngati nkhuku pa madeya. A Harrison, wapampando wa kopaletivu ya alimi a mtedza, iwo amangoti, "Ndi mwana wathu ameneyo, m'mutu mwake muli magetsi."

Zoona zake n'zakuti amalemba ndi kukonza mapulogalamu a pakompyuta. Pulogalamu ya kampani ina m'tauni ikayamba misala, amamuimbira iyeyo. Amafunsa mafunso awiri atatu, n'kuti, "Musakhudze kalikonse." Nthawi zina amakwera minibasi kupita konko, nthawi zina amakonzera pakhonde pomwepo ndi mphamvu ya sola, mbuzi zikumudutsa kumapazi. Mantha anawaiwala m'mimba mwa amake. Bwana wina wa tayi atamuuza kuti ntchitoyo imafuna mwamuna, iye anati, "Muitaneni, adzandipeza nditamaliza."

Lachitatu lililonse ana akaweruka, amabwereka kalasi imodzi pasukulu ya pulayimale n'kumaphunzitsa za foni ndi kompyuta, ulere. Kumabwera aphunzitsi, amayi a zitumbuwa, ndi madala amene foni zawo zasanduka za Chitchaina osadziwa kuti anadina pati. Mmenemo ndi mmene munabadwira chinthu chimene Anastazia ankachinyadira kuposa ntchito zonse za m'tauni: pulogalamu yoitanira alimi a kopaletivu kumsonkhano. Poti ambiri maso anatopa ndipo ena zilembo anasiyana nazo kalekale, iye anajambula mawu ake. Nthawi imene waitchera ikakwana, pulogalamuyo imaimba foni zonse kamodzi, munthu akayankha n'kumva Anastazia akufuula. Alimi anaikonda. Ena ankachita kumuyankha, "Zikomo mayi, tikubwera."

Koma ali ndi lamulo lake. Lachisanu akaweruka amazimitsa foni mpaka Lamulungu masana. Amati mutu ndi khasu, umafuna kuupachika. Amatengana ndi mnzake Monica, namwino wa m'tauni, n'kupita kokayenda.

Sabata ina anatchera uthenga wa msonkhano Lolemba, kuti udzalire Loweruka dzuwa lili paliwombo. Lachisanu anali ku Lilongwe pa ntchito, anagona kwa Monica, kukacha ulendo wa ku damu la ku Malingunde. Anawotcha kanyenya, anaponya mbedza tsiku lonse n'kukola kachitsotso kamodzi, anaseka mpaka nthiti kuwawa. Sankadziwa kuti Lachisanu madzulo a Peter, mlimi wa m'kopaletivu yomweyo, anatsikira kuli chete.

Lamulungu atafika anapeza a Harrison atakhala pakhonde pake, chipewa chili pabondo.

"Wayenda bwanji, iwe Anastazia?"

"Bwino, bambo. Msonkhano unayenda?"

"Msonkhano? Tinali kumanda dzulo. Tinakaika a Peter. Iwenso unaliko."

"Ine?"

"Mawu ako. Abusa atangoti tiweramitse mitu, foni zinayamba kulira manda onse ngati achule a m'dambo. Madala, mwa ulemu wawo, anayankha. Ndiye kunamveka iwe, kuno iwe, uko iwe: 'Moni moni alimi anzanga! Lero ndi lero! Siyani zonse zimene mukuchita, thamangirani kusukulu!' Mpaka foni ya malemu inalira, ili m'chitenje mwa mai Zelifa, namfedwa."

Anastazia anakhala pansi osayang'ana pokhala.

"Anthu akuti uchotse manambala awo," anapitiriza a Harrison. "Akuti chinthu chosadziwa maliro sichingakhale pakati pa anthu. Ndawapempha adikire Lachitatu. Akakana Lachitatulo, basi, tibwerera kotumizana pakamwa."

Pulogalamu sinalakwitse kanthu, inachita zimene anaiuza. Wolakwa anali mwini wake, mwana wobadwira konkuno, wodziwa bwino kuti kukagwa zovuta khasu silikhudza nthaka ndipo msonkhano uliwonse umafa wokha popanda woulengeza. Anaiphunzitsa masiku, anaiphunzitsa maola, koma chimenechi anaiwala, poti palibe amene amachinena.

Lolemba m'mawa laputopu anaisiya. Anamanga chitenje, anasenza beseni la ufa, napita kusiwa. Anakhala pansi pakati pa amayi, miyendo atatambasula, kudikira kuti amuone. Mai Zelifa atamuona anamufunsa.

"Ndiwe uja unatiuza kuti tisiye zonse, eti?"

"Ndine, mayi. Ndabwera kudzapepesa."

"Anzako amabwera kumaliro ndi miyendo. Iwe unatumiza pakamwa pokha." Amayi ena anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Mai Zelifa anapukuta m'maso. "Malemu abambo ako aja, a Peter, akanakhalapo akanaseka mpaka kugwa, ankakonda zopusa. Ine ndilibe nawe mlandu. Koma adzukulu okumba manda unawachititsa manyazi. A Lloyd, mkulu wawo, foni inawalirira ali m'dzenje akulandira bokosi. Amenewo ndiwo akusonkhezera anthu."

Lachitatu kalasi inadzaza kuposa masiku onse. Anthu sabwera chonchi kudzaphunzira, amabwera kudzaona munthu akugwa. A Lloyd anakhala kutsogolo pa desiki ya ana, mawondo ali m'mwamba, foni yawo yomanga ndi mphira ataiika patsogolo ngati umboni wa kukhoti.

Anastazia sanazungulire. Anati phunziro la lero ndi la mmene munthu wophunzira amapusira, ndipo chitsanzo ndi iye mwini. Anafotokoza kuti pulogalamu ili ngati ng'ombe ya pangolo: ukaiwongolera kuphompho imapita, siifunsa.

"Kodi chinthu chanucho chimamva anthu akamalira?" anafunsa a Lloyd.

"Sichimva, bambo."

"Nanga mkuwe wa maliro?"

"Ngakhale umenewo."

"Ndiye n'chogontha. Tichotseni."

"N'chogontha, koma chingamve kwa inu. Kodi m'midzi yathuyi amayamba kudziwa za zovuta ndani, kupatula achibale?"

A Lloyd anakhosomola pang'ono. "Ndife."

"Ndiye chingwe chake chikhale m'manja mwanu. Ndakonza kuti mukatumiza liwu limodzi kuchokera pa foni yanuyo, mauthenga onse aime, ine ndili kuno kapena ndili ku damu. Adzayambenso inu mukanena."

M'kalasi munayamba manong'onong'o. A Lloyd anaiyang'ana foni yawo ngati aiona koyamba.

"Liwu lake liti?"

"MALIRO. Ndatchera uthenga woti ulire 4 koloko, kwatsala mphindi khumi. Tumizani tiyese."

"Tiyese chiyani?" A Lloyd anabweza dzanja. "Ndilembe maliro popanda maliro? Mwana iwe, zimenezo sayesa. Ukufuna mawa ndikakumbe dzenje la ndani?"

"Eee, sayesa!" anavomereza amayi kumbuyo.

Apa ndiye panakumana amisiri awiri. Kwa Anastazia, kupereka pulogalamu yosayesa kuli ngati kugulitsa njinga usanaikwere, ndipo sanachitepo chibadwire. Kwa a Lloyd, zovuta siziitanidwa. Anakokanakokana, wotchi ikuyenda. Anastazia anangoti phwii kuseka, chifukwa anazindikira kuti watsala pang'ono kugwa m'mbuna yomweyo kachiwiri, pamaso pa anthu omwewo.

"Mwandigwira, bambo. Sankhani liwu lanu."

A Lloyd anaganiza mwaufumu, akusisita ndevu. "Lembani kuti CHETE. Limenelo ndimauza ngakhale agalu."

Zala za Anastazia zinathamanga pa laputopu. A Lloyd anayamba kusaka zilembo, kutalikitsa foni, kuiyandikitsa, kukana aliyense wofuna kuwathandiza. Anatumiza kutatsala mphindi imodzi.

Aliyense anatulutsa foni yake n'kuigwira m'manja. 4 koloko inakwana. M'kalasi munali zii, kumangomveka njinga yamoto ikudutsa kumsewu. Inadutsa mphindi, inadutsa ina. Palibe inalira.

"Mwina yangofa yokha," anatero mayi wina wa zitumbuwa.

"Ayi, ndailetsa ine," anayankha a Lloyd mwaukali. "Anastazia, ndiimasule bwanji aone?"

Anawauza liwu lomasulira. Atatumiza, foni zonse zinalira kamodzi, ndipo amene anayankha anamva mawu aja, tsopano modekha, akuti, "Moni alimi anzanga. Ngati kwanuko kuli bwino, msonkhano uli Loweruka."

A Harrison anaimirira, navala chipewa. "Amene akufunabe kuti nambala yake ichotsedwe aimike dzanja."

A Lloyd anatembenuka pa kadesiki kaja n'kuyang'ana kalasi yonse, mzere ndi mzere. Dzanja silinakwere ngakhale limodzi.

"Chabwino," anatero. "Koma iwe Anastazia, foni yangayi batire yake imatha msanga. Poti tsopano ndi ya ntchito, ndizidzatchaja pa sola yako."

"Muzibwera, bambo."

"Ndi tiyi yemwe," anaonjezera a Lloyd.