Matabwa a M'kabusi ya a Mloyi

Chimene sindinachimvetse mwa a Jubane Mloyi n'chakuti munthu wosadziwa kuwerenga ankasamaliranji zolembedwa chomwechija. Ndinachimvetsa mochedwa, nditawalakwira kale.

Anagwira ntchito zaka makumi atatu m'kabusi, bogi yamatabwa imene inkakolekedwa ku sitima za katundu zochokera kuno ku Bulawayo kulowera kummwera. Ulendo unali wa masiku angapo, choncho anthu ankasinthana: ena pa injini, ena akugona m'kabusi. A Mloyi anali wophika. Ankasesa, kukoleza mbaula ndi kudzutsa ogona nthawi yawo ikakwana.

Anthu a m'kabusi anali ndi mwambo wawo. Mnzawo akamwalira kapena akapuma pantchito, ankaotcha msomali pambaula n'kulemba dzina lake pathabwa la pamwamba pa bedi limene ankagonapo. Ambiri mwa anthuwo dzina lawo silinalembedwe kwina kulikonse.

Sitima zamalasha zitatha, kabusi ija inakankhidwira kumapeto kwa yadi ya sitima, m'maudzu. A Mloyi anali atapuma, koma m'mawa uliwonse ankabwera panjinga kuchokera ku Sizinda kumene ankakhala. Ankasesa, kuphwanya zisa za mavu ndi kuthamangitsa ofuna nkhuni. Palibe anawatuma.

Ine ndinali kalaliki wa panjanji, ndiponso mlembi wa kagulu kathu kosunga mabogi akale. Titagwirizana zokonza kabusiyo kuti anthu aziionera, ndinapita kukaiona.

"Kalaliki, m'kabusi salowa ndi tayi," anatero a Mloyi. "Ikakola pachitseko tikakuikani nayo m'manda."

Anandipatsa tiyi wa mkaka wam'chitini, kenaka anayamba kuyendetsa dzanja pamatabwa.

"Uyu ndi Mgcini Tshuma, wothira malasha. Akayamba mkonono ng'ombe za ku Plumtree zinkathawa. Uyu ndi Velaphi, anandibera nyama yowamba zaka khumi, tsiku lililonse akulumbira kuti ndi mphaka. Mphaka m'sitima, Kalaliki?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Anatchula onse, makumi awiri ndi atatu, osaphonya.

"Musadandaule, Baba," ndinatero. "Sitikhudza kanthu."

Mwezi wotsatira a Mloyi anapita kumaliro kwawo ku Tsholotsho, ndipo akalipentala anayamba ntchito iwo kulibe. Ndinali nditapeza chithunzi cha kabusiyo ili yatsopano, makoma ali see. Wamkulu wa akalipentala anandifunsa za matabwa a mayina aja. Anali olimba, chiswe chinali chisanawakhudze. Koma zilembo zinali zokhotakhota, zina zotembenuka, ndipo kumishoni kumene ine ndinaphunzira tinkakwapulidwa tikalemba pakhoma. Ndinaganizira alendo amene adzabwere, mmene adzatisekere. Lonjezo langa sindinaliiwale ayi. Ndinalikumbukira, ndipo ndinati, "Zulani, muike atsopano."

Tsiku lotsegulira kunabwera anthu ambiri. Wapampando wathu anandiimiritsa, nanena kuti popanda ine kabusiyo ikanatha ndi chiswe. Anthu anaomba m'manja. Za munthu amene anaisesa zaka zonse zija sizinatchulidwe, ndipo ine, amene ndinalemba mawu a wapampandowo, ndinangoyang'ana nsapato zanga.

A Mloyi anafika anthu akubalalika, atavala jekete lawo lakale la panjanji. Analowa, ine ndili pambuyo pawo. Anaika dzanja pamwamba pa bedi loyamba, naliyendetsa pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa khoma. Utoto unali ukununkhabe.

"Anthu anga mwawapititsa kuti, Kalaliki?"

"Ali kuseri kwa shedi, Baba."

Kuseriko tinapezako matabwa asanu ndi limodzi okha. Enawo anali atatoledwa ndi amayi ootcha chimanga pachipata, poona kuti ndi zotayidwa.

"Baba, ndikonza," ndinatero. "Nditchulireni mayina onse. Ndikawalembetsa pachitsulo, zilembo zowongoka, tikhome pakhomo."

Anakhala pansi n'kuyesa. Anatchula Tshuma, anatchula Velaphi, anafika pa khumi ndi mmodzi. Apo anaima. Anakweza dzanja m'malere ngati akufuna khoma, nalibweza.

"Ine dzina limandibwerera dzanja likafika pamalo pake," anatero. "Mfundo ya thabwa, msomali wopindika, ndiye ndadziwa kuti apa ndi uje. Malowo mwachotsa."

Sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero. Anasanja matabwa aja, nawamanga ndi waya pakaliyala ya njinga. Ndinati ndiwagwirire, anandikaniza.

"Mudetsa malaya, mwana wa mishoni. Pitani, akukufunani ojambula."

Anatuluka pachipata akukankha njingayo, ine nditaima pomwepo ndi pepala la mayina khumi ndi limodzi. Pepalalo ndikali nalo. Pachitsulo sindinalembetse, chifukwa sindidziwa kuti otsalawo ndingawasiye bwanji.

Patapita masiku atatu ndinalimba mtima n'kupita ku Sizinda. Chipinda chawo ndinachipeza chotseka, ndipo mwini nyumba anati a Mloyi anabweza kiyi. Ndinalemba kalata ku Tsholotsho, abale anayankha kuti sanafikeko. Mlonda wa pamphambano ya njanji ndiye anati anaona mkulu wina akutsata njanji yakummwera, akukankha njinga yonyamula matabwa. Anamufunsa kumene akupita, koma mkuluyo anangokweza chipewa n'kupitirira.