Nandolo pa sikelo ya ana

Atanditumiza kukayang'anira kachipatala ka mishoni kuseri kwa Chiringa, ndinali ndisanaonepo nandolo wochuluka choncho. Kwathu ku Ntchisi timalima mtedza. Pachipatalapo tinalipo awiri basi: ine namwino, ndi asisiteri ena okalamba amene ankasunga makiyi a chipinda cha mankhwala.

Lachiwiri lililonse linali la sikelo. Ndinkapachika sikelo panthambi ya mtengo wa mango, mwana n'kumuveka kakabudula ka zingwe, n'kumukoleka, iye akulira ngati tikumugulitsa.

Tsiku lina, nthawi yokolola nandolo, pamzere panaima mayi wina atabereka mwana amene anamufunditsa chitenje mpaka kumutu. Dzuwa linali likuswa mtengo.

"Mayi, muvundukuleni mwanayo apume," ndinatero.

"Ameneyu satentha thupi, anesi," anayankha, Chichewa chake chikukokera ku Chilhomwe.

Itafika nthawi yawo anamasula chitenje mosamala, n'kutsitsa kathumba ka nandolo. Mwa amayi onse pamzerepo palibe anaseka. Ndinazindikira kuti wosadziwa nkhaniyi ndinali ine ndekha.

"Sikelo ya mavenda kumsika imadya," anandifotokozera. "Koma iyi anaiwaza madzi odalitsa abambo mfumu. Singaname. Ndingodziwa kulemera kwake ndisanapite nako."

Ndinakana. Ndinawauza kuti pano ndi pachipatala, osati pamsika. Phokoso litakula, asisiteri anatuluka akutsimphina, namvetsera mbali zonse ziwiri.

"Mwana wanu ali kuti, mayi?" anafunsa.

"Ndamusiya kunyumba. Msana ndi umodzi, asisiteri."

Asisiteri anaganiza pang'ono. Kenaka analamula kuti nandolo aziyezedwa ndithu, koma ana onse akatha, ndipo aliyense wofuna kuyezetsa nandolo abwere ndi mwana pamodzi ndi buku lake la katemera. Ine ndinadandaula chamumtima, poti woyeza ndinali ine.

Sabata yotsatira njinga zinadzaza bwalo mpaka kutchalitchi. Kunabwera ana amene ndinali ndisanawaonepo, ena oyenda kale koma osabayitsa katemera ndi mmodzi yemwe. Tinabaya mpaka mkono wanga unachita dzanzi. Kunabweranso abambo, anthu amene kale ankati sikelo ndi nkhani ya azimayi, aliyense thumba pakaliyala, mwana m'manja.

Vuto linali loti ana sankakwanira. Kamtsikana kena konenepa, ka chipewa chofiira, ndinakayeza m'mawa kali ndi mayi ake. Chakumasana kanabweranso ndi agogo ena. Kachitatu kanafika m'manja mwa bambo wina wamtali, chipewa atakavula kuti ndisakazindikire. Kanali katazolowera moti kanakweza kokha miyendo kuti ndikaveke kabudula.

"Bambo, mwanayu ndi wanu?"

"Wanga weniweni, anesi."

"Dzina lake ndani?"

Bamboyo anayang'ana mwana, mwana n'kumuyang'ananso. Anayesa kusuzumira pabuku limene linali m'manja mwanga, ine n'kulitembenuza.

"Kunyumba timangomuitana kuti iwe," anatero.

"Chabwino. Ndi wamwamuna kapena wamkazi?"

Apa anakanda m'mutu. "Dikirani ndikafunse mayi ake."

Mzere wonse unagwa ndi phwete, mayi ake enieni akuseka kuposa onse kuseri kwa mtengo. Ndinafunsa bamboyo ngati analibe mwana wakewake. Anati alipo, wa miyezi isanu ndi itatu, koma kwawo n'kutali, kufupi ndi dambo la Chilwa, ndipo mwanayo wakhala akutsegula m'mimba masiku atatu, ndiye sanafune kumuvutitsa ndi ulendo.

Kuseka kunandithera. Ndinamuuza kuti asiye thumba lake pakhonde, apalase njinga akatenge mwanayo pamodzi ndi mayi ake. Anafika dzuwa litapendeka, mwana maso atalowa, liwombo litabonya. Tinamumwetsa madzi a Thanzi ORS pang'onopang'ono ndi supuni, ndipo anagona nafe masiku awiri mpaka anayambanso kuyamwa mwamphamvu.

Tsiku lotuluka ndinamuyezera bamboyo nandolo wake, ngakhale silinali Lachiwiri. Anayang'anitsitsa muvi wa sikelo, n'kupukusa mutu.

"Anesi, kodi madzi odalitsa aja sanaume? Ine ndimayesa aposa pamenepa."